Dzanja la Bambo Anga pa Khoma la Eni Ake

Bambo anga sangaone chinthu chopendekeka n'kuchisiya. Mukawaitana kwanu kudzacheza, musanamalize n'komwe kuwalonjera mudzaona aimirira, akuwongola kalendala yanu. Tsiku lina kuchipatala, tikudikira dokotala, anakwera pa benchi kukawongola wotchi ya pakhoma, mpaka namwino anawafunsa ngati abwera kudzadwala kapena kudzagwira ntchito. Ife ana awo tinakula ndi manyazi amtunduwu, ndipo ine mwana wawo woyamba ndi amene ndinasenza ambiri, chifukwa ndi amene ndinkayenda nawo.

Ali mnyamata ankalemba zikwangwani. Mashopu, mabutchala, malo ometera, zitseko za malole, theka la msewu waukulu linali dzanja lawo. Ankalemba ndi burashi yopyapyala, osayamba ajambula ndi choko, koma zilembo zinkatuluka zofanana msinkhu ngati wina wazipima. Kenako kunabwera makina osindikiza zomata, chikwangwani cha sabata yathunthu n'kumatuluka mu ola limodzi, ndipo maburashi awo anaumira m'chitini. Apa m'pamene analowa ntchito ku nyumba yoonetsera zaluso, ija ya makoma oyera imene anthu amalowamo akunong'ona. Anagwirako zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ntchito yawo inali kupenta makoma, kupachika zithunzi, kukhoma matebulo, kulozetsa magetsi, ndi kunyamula mafelemu akuluakulu a galasi amene ena onse ankaopa kuwagwira. Anzawo ankawatchula Alevulo, chifukwa cha kalevulo, kachipangizo koonera ngati chinthu chapendekeka, kamene sikankachoka m'thumba la ovololo yawo. Ankangokatulutsa pofuna kutsimikizira ena zimene diso lawo laona kale.

Zaka zoyamba ankapachika zithunzi zoti ukaona munthu umadziwa kuti ndi munthu. Kenako zinthu zinasintha. Ankabwera kunyumba ndi nkhani zoti amayi ankaimitsa makina osokera kuti amve bwino. Mwezi wina kunali mulu wa nsapato zakumanzere zokhazokha. Mwezi wina chipinda chopanda kanthu, muli fani yokha ikuzungulira. Nthawi ina kunabwera chidebe cha pulasitiki choyenera kukhala pansi pa paipi yodontha, ndipo bambo anga, munthu woti paipi ikadontha kunyumba mtima sukhala m'malo, anatha masiku awiri akuphunzitsa paipi kudontha pang'onopang'ono monga mwini wake anafunira.

"Ndiye anthu amasamba, kuvala nsapato, kukwera basi, kukaona chidebe?" amayi anafunsa.

"Akuti luso lili m'ganizo, osati m'chidebemo."

"Nanga osangowauza ganizolo pa foni bwanji, anthu akhale kwawo?"

Amayi anga ndi telala, ndipo pakamwa pawo sipamangidwa. Zaka zonsezo sanapondeko phazi ku ntchito kwa bambo. Ankati chidebe ali nacho, ndipo chawo chimagwirako ntchito. Bambo sankawatsutsa, komanso sankanyoza zinthu za eni. Chawo chinali chimodzi: "Kaya n'chiyani, koma chaima bwino." Mulu wa nsapato uja anauika pakati penipeni pa chipinda, ndipo ankanyadira zimenezo kuposa mwini wake wa nsapatozo.

Ine ndimagwira ntchito pa shopu ya fotokope, misewu iwiri kuchokera pamenepo, choncho masana ndinkapita kukadya nawo m'chipinda chosungira katundu, pakati pa zitini za penti ndi makwerero. Tsiku lina ndinawapeza akufuna kukhoma kamsomali kumbuyo kwa felemu. Kamsomali kanagwa. Anakatola, kanagwanso. Kachitatu ndinayang'ana dzanja lawo lamanja, ndipo ndinaona zala zikunjenjemera zokha, iwo akuziyang'ana mwaukali ngati ndi za munthu wina.

"Mayi, zimene waonazi zithere muno," anatero.

"Abambo, tipite kuchipatala."

"Akandiuze chiyani? Kuti ndakalamba? Ndikudziwa."

"Nanga amayi?"

"Makamaka amayi akowo. Akamva adzandikhazika pakhonde, bulangete pa maondo, tiyi akundimwetsa ndi supuni. Ndipo Amadamu akamva sadzandilolanso kugwira galasi. Adzandipatsa tsache. Zanditsalira zaka zochepa kuti ndipume, ndikufuna ndituluke muno ndili Alevulo."

Amadamu anali mkulu woyang'anira nyumbayo, munthu wabwino koma wamantha ndi katundu wa eni. Pamenepo bambo sananame. Ndinalonjeza kuti nditseka pakamwa, ndipo mpaka lero ndimadzikwiyira kuti ndinalonjeza msanga chotero.

Kwa zaka ziwiri munthu wamkulu ameneyu anasanduka katswiri wobisa dzanja. Tiyi anayamba kumwera kumanzere, ati chigongono chikuwawa. Ndevu anayamba kukametetsa, ati akuthandiza bizinesi ya mnzawo. Malaya a mabatani anawasiya n'kugula masikipa. M'mawa uliwonse kuyambira kale ankawalowetsera amayi ulusi pa singano, koma tsopano anawagulira magalasi n'kumanyamuka m'mamawa amayi asanatsegule makina. Kuntchito ankaima patali manja ali kumbuyo, n'kumauza anzawo awiri kuti kwezani pang'ono, tsitsani kumanzere, ndipo onse ankati ndi ukulu. Ndikanasangalala nazo nzeru zimenezi zikanakhala kuti sizikundidyera mtima.

Amayi anaona kusinthako, koma anakuwerenga molakwika. Anandikokera kukhitchini.

"Bambo akowa ayamba kudzikongoletsa. Kumetetsa, masikipa, kulawirira. Iwe umadya nawo masana. Pali wina?"

"Palibe, amayi."

"Ukanama ndidzadziwa."

Sindinaname, komanso sindinanene zoona, ndipo ndinatuluka m'khitchinimo nditakwiyira onse awiri.

Ndiye kunabwera pepala lija. Mwini wake anali mayi wachitsikana wotchuka ndithu pa zaluso zamasiku ano, amene antchito anamutcha Asikafu chifukwa sankavula sikafu m'khosi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Chionetsero chake chachikulu chinali choti chitsegulidwe patatha milungu iwiri. Ena amatumiza mabokosi, iye anatumiza pepala limodzi. Bambo anabwera nalo kushopu kwathu kuti ndiwakulitsire zilembo, ndipo ndinaliwerenga makina akutentha. Linkati pa khoma lalikulu, kuyambira pa chitseko mpaka pa windo, pajambulidwe mizere ndi pensulo. Mzere uliwonse uyambire pamene dzanja lafika m'mwamba, utsike mpaka pansi. Pakati pa mzere ndi unzake pakhale mpata wa chala chimodzi. Osagwiritsa rula, chingwe kapena thabwa. Osafufuta. Ajambule munthu mmodzi yekha, amene wagwira ntchito m'nyumbamo nthawi yaitali kuposa onse.

"Ameneyo ndi inu," ndinatero.

"Ndi ine."

"Nanga iye azichita chiyani?"

"Wachita kale. Walemba pepala."

Ndinawauza kuti akane. Anene kuti msana, anene kuti maso, anene chilichonse. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti akabe. Iwo, Alevulo, akane kujambula mzere? Amadamu anali atauza kale aliyense kuti mwayi wawo ali ndi munthu woti dzanja lake ndi rula.

Zimene anachita n'zimene ndikanayenera kuziganizira. Anauza Amadamu kuti ntchitoyi imafuna bata, n'kudzitsekera m'chipinda chachikulucho. Anatenga chingwe chomangirira kachitsulo kumapeto, chija omanga nyumba amaonera ngati khoma laima, ndi thabwa lalitali limene analipala okha. Dzanja lamanzere ndi bondo zinkatsindika thabwa, lamanja n'kumangotsetsereka m'mbali mwake. Masiku asanu akugwada ndi kuimirira, kugwada ndi kuimirira, mpaka maondo anatupa. Nditaliona khomalo litatha, ndinaiwala kukwiya kwa kanthawi. Mizere mazanamazana, yofanana mpata, yowongoka kuti nyoo. Amadamu anaomba m'manja. Bambo anabisa thabwa kuseri kwa makwerero ndipo masana amenewo anadya buledi wawo yense.

Asikafu anafika Lachisanu masana, ine ndili pomwepo ndi fulasiki m'manja. Anapereka moni mwaulemu, anaima pakati pa chipinda, kenako anapita kukagunditsa tsaya pakhoma n'kuyang'ana chammbali. Sanachedwe.

"Madala, mwagwiritsa thabwa."

"Mizere yanu si imeneyo? Yawongoka kapena sinawongoke?"

"Yawongoka kwambiri. Ndikanafuna yotere ndikanatuma makina."

Mawu akuti makina amawalasa bambo anga pamalo ena ake.

"Mayi, ine ndajambula mizere inu musanabadwe. Mzere ndi wowongoka. Ukakhota ndiye kuti munthu walakwitsa. Mukufuna ndilakwitse dala pamaso pa anthu?"

"Sindikufuna mulakwitse. Ndikufuna dzanja lanu, osati la thabwa."

"Ndiye jambulani nokha."

"Ntchito yanga ndi ganizo. Ndinaimaliza pamene ndinalemba pepala lija."

Apa ine zinandikwana. Ndinaika fulasiki pansi n'kulowerera, ngakhale palibe anandiitana. Ndinafunsa kuti luso lotani loti dzina pakhoma n'lanu koma maondo otupa n'a bambo anga? Ndinati ine tsiku lonse ndimakhalira mapepala, ndipo sindinaonepo pepala likusanduka luso chifukwa choti mwini wake wavala sikafu. Amadamu anatsokomola. Asikafu sanakwiye, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa kwambiri.

"Achemwali, wojambula pulani ya nyumba samanga njerwa," anatero.

"Koma sauza womanga kuti amange chokhota."

"Inenso sindinanene kuti chikhote. Tamverani. M'nyumba muno mwadutsa mayina ambirimbiri, koma dzanja limene lapachika zonsezo palibe analionapo, chifukwa likagwira bwino ntchito limasowa. Ine ndikufuna kamodzi kokha lioneke. Mzere wa rula sunena kanthu za amene waujambula. Wa dzanja umanena ngati munthu wadya, ngati watopa, ngati ndi m'mawa kapena masana. Ndinapempha chinthu chimodzi basi, kuti khomali lisaname. Ili likunama."

Bambo anga akhoza kupirira kutchulidwa okalamba, osaphunzira, ouma mutu. Koma onama pa ntchito, ayi. Analowetsa dzanja lamanja m'thumba. Amadamu anayesa kuzizizira nkhani, nati nthawi yatha, khoma ndi lokongola, ndani angadziwe? Asikafu anati akadziwa iye yekha zakwana, ndipo ngati khoma likhala chomwecho achotsepo dzina lake, chionetsero chife. Amadamu anagwira mutu, chifukwa makadi oitanira anthu anali atapita kale.

"Bweretsani penti," anatero bambo.

Anapenta okha, Loweruka, kupaka penti kawiri. Ndinakhala pa chitini n'kumaonerera ntchito ya masiku asanu ikumira pansi pa rola. Ndinawachonderera. Ndinati auzeni Amadamu zoona, pepala lisinthidwe, ajambule wina. Anati pepala likuti wokhalitsa, ndipo wokhalitsa ndi iwo. Ndinati ndiye tauni yonse iona. Anati anthu obwera muno saona kanthu, amangolankhula. Ndinati nanga amayi? Anati amayi ako sabwera kuno, ali ndi chidebe chawo. Ndinawauza kuti ndi munthu wouma mutu kuposa aliyense amene ndikumudziwa, ndipo anandiyankha kuti ndisamuke pa chitinicho akufuna penti.

Lolemba anayambiranso, chitseko chili chotsegula, Asikafu atakhala pa mpando kumbuyo kwawo. Ndinapempha bwana wanga kuti ndituluke msanga. Mizere ya m'mawa inali yabwinoko. Ankakoka mpweya, kuugwira, n'kutsitsa pensulo mwachangu dzanja lisanazindikire. Koma dzanja likakwezedwa m'mwamba kambirimbiri limatopa, ndipo likatopa silimvera. Pofika masana mizere inayamba kuchita timano ting'onoting'ono, kenako mafunde, pena pensulo kudumpha n'kusiya mpata.

"Madala, musachite kuwonjeza dala," anatero Asikafu. "Sindikufuna sewero."

Bambo sanatembenuke. Anakweza dzanja kuti ayambe mzere wina, ndipo pensulo inagogoda pakhoma yokha, go go go, isanayambe n'kutsika komwe. Asikafu anaimirira. Anayang'ana dzanja, anayang'ana mizere, kenako anayang'ana ine. Nkhope yake inagwa.

"Pepani," anatero motsitsa mawu. "Sindimadziwa. Mukhoza kusiya, bambo. Ndisintha pepala."

"Pepala likuti mpaka pa windo."

"Ndinalemba ndine. Ndikhoza kulisintha."

"Munati munamaliza ntchito yanu. Isiyeni yanga ndimalize."

Asikafu anachotsa mpando wake n'kutuluka, ndipo anatseka chitseko yekha. Sanauze Amadamu kapena wina aliyense. Ndinkafunitsitsa kudana naye mayi ameneyu ndi mtima wonse, koma anandilanda ngakhale zimenezo. Choipitsitsa n'chakuti zimene ananena zija zinali zoona. Pofika Lachisanu khoma linali litatha, ndipo munthu ukanatha kuloza pamene tsiku lililonse linayambira ndi pamene linathera. Zonse zimene bambo anabisa m'thumba zaka ziwiri zinali pamenepo, kuyambira pa chitseko mpaka pa windo.

Mkati mwa sabatayo, pofuna kuwalemekeza bambo, Asikafu analamula kuti pa kachikwangwani ka pambali pa khoma, pansi pa dzina lake, palembedwenso dzina la bambo. Chinali chinthu choyamba chamtunduwu m'zaka makumi awiri ndi ziwiri. Amadamu anakondwa nazo kwambiri moti anatumiza khadi lapadera kunyumba kwathu, loitana amayi. Anthu abwino akafuna kukupweteka safunsa.

"Kulibe choona kumeneko," bambo anawauza amayi. "Ndi mizere basi."

"Dzina lanu lili pakhoma, ine ndikhale pano ndikusoka mayunifolomu?"

"Mukatopa n'kuimirira. Kulibe mipando."

"Mukundiletsa chifukwa chiyani? Kuli ndani kumeneko amene simukufuna ndimuone?"

Amayi anasoka diresi latsopano m'masiku awiri, lobiriwira, la manja aatali.

Chionetsero chinatsegulidwa Loweruka masana. Anthu anadzaza, matambula m'manja, mafuta onunkhira okhaokha. Bambo anavala suti yawo yakale n'kuima pakona, dzanja lamanja m'thumba. Ine ndinayendayenda n'kumamvetsera, ndipo sindinamvepo anthu ophunzira akulankhula zambiri chonchi pa chinthu chimene sanachiyang'ane. Mphunzitsi wina wa ku yunivesite, wandevu zaimvi, ankafotokozera gulu lake kuti mizereyo ikunena za kugwedezeka kwa chuma cha dziko. Wojambula zithunzi za nkhope, amene ankadandaula kuti masiku ano saitanidwanso, ankati izi ndi zachinyengo, mdzukulu wake amachita zomwezi pakhoma la kuchipinda ndipo amakwapulidwa. Mtsikana wina wa magalasi akuluakulu anati ntchitoyi ikudzudzula kudyera antchito masuku pamutu, mnzake n'kumutsutsa kuti ayi, ntchitoyi payokha ndiyo ikudyera wantchito masuku pamutu. Anakangana mpaka kutayirana zakumwa pa nsapato. Wantchito amene ankamukanganirayo anali ataima mapazi asanu kuchokera pamene anali, ndipo mmodzi wa iwo anamupatsira tambula yopanda kanthu kuti akaike.

Mtolankhani wina anandigwira pamkono atamva kuti ndine mwana wawo. Anati chimene chamugometsa ndi luso lonamizira kunjenjemera. Anafunsa ngati bambo anachita kuphunzitsidwa, ndipo anatenga masabata angati. Ndinamuuza kuti zaka ziwiri. Analemba.

Amayi sanalankhule ndi aliyense. Anayamba ndi kachikwangwani, anawerenga dzina la bambo kawiri, n'kugwedeza mutu mokhutira. Kenako anatembenukira kukhoma. Ndinkayembekeza kuti aseka, kapena anena zina zoti anthu atembenuke. Sanaseke. Anayandikira kwambiri, mphuno pafupi ndi khoma, monga amachitira kasitomala akabweretsa chovala chosokedwa kwina. Anayambira pa chitseko n'kumasuntha pang'onopang'ono. Pamene mizere inayamba timano anaima. Anabwerera m'mbuyo mapazi awiri, anapitanso kutsogolo. Mphunzitsi wandevu uja anawaona n'kuganiza kuti apeza wophunzira.

"Mayi, kuti mumvetse ntchitoyi muyenera kuyamba mwadziwa kuti mzere pawokha..."

"Tandipatsani mpata, bambo," amayi anatero, osawayang'ana.

Anayenda khoma lonselo mpaka pa windo. Zinawatengera nthawi yaitali. Asikafu anali ataima pafupi ndi Amadamu, akuwatsatira ndi maso, chala chili pakamwa. Bambo ankayang'ana nsapato zawo.

Atafika pa windo amayi anatembenuka n'kudutsa pakati pa anthu, molunjika pakona paja.

"Tulutsani dzanjalo."

"Amayi ake, pano pali anthu."

"Ndati tulutsani."

Analitulutsa. Chifukwa cha mantha ndi kutopa kwa sabata yonse, linkanjenjemera kuposa masiku onse. Amayi analigwira ndi manja awiri, analitembenuza, anayang'ana zala zimene zinali zidakali zakuda ndi pensulo. Amadamu anali pomwepo, ndipo ndinaona maso awo akuchoka pa dzanja kupita pakhoma, n'kubwereranso pa dzanja.

"Kuyambira liti?"

"Si kale kwambiri."

"Ine ndimasoka, bambo. Dzanja silifika apa mwezi umodzi. Kuyambira liti?"

"Zaka ziwiri."

Amayi anatembenukira kwa ine. Anangondiyang'ana, ndipo nkhope yanga inayankha yokha.

"Iwenso," anatero.

Ndinkafuna kunena kuti anandilumbiritsa, kuti ndinawachonderera, kuti si ine ndinayambitsa. Bambo anayesa kuseka pang'ono.

"Musadandaule, anthuwa sanaone kanthu. Akuti ndi chuma cha dziko."

Amayi sanaseke nawo. Ine m'moyo wanga wonse ndinali ndisanaonepo amayi anga akusowa mawu. Atawapeza anatuluka otsika, koma aliyense pakonapo anamva.

"Zaka makumi atatu ndi zisanu tikugona nyumba imodzi. Mwachita kulembera tauni yonse pakhoma, ine mkazi wanu ndidzawerenge pamodzi ndi alendo?"

Amadamu anayandikira, nayamba kunena kuti Lolemba akambirane bwinobwino za ntchito, kuti pali zina zopepuka zimene angamachite. Amayi anawadula mwaulemu.

"Lolemba sabwera. Ali ndi ine kuchipatala."

Bambo sanatsutse. Anatuluka awiriwo pakati pa anthu onse aja, amayi atagwirabe dzanja lija ndi manja awiri, mkono wa diresi lobiriwira ukugwedezeka nalo limodzi. Ndinawatsatira mpaka pa siteji ya basi. Basi itafika amayi anawakweza bambo, anakwera iwo, kenako anatembenuka pakhomo n'kundiuza kuti ndidikire yotsatira.